Maluwa owala pa ukwati wa panja: ogula, othyola, a m'miphika, odzala nokha kapena a pulasitiki?

Maukwati a pa kapinga achuluka masiku ano, ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu mpakana kunyanja ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo akwatibwi ambiri atopa nazo zoyera ndi golide zija, akufuna zofiira, olenji, chikasu, pinki wolimba uja, zoti mlendo azione adakali pa geti. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu. Panja mitundu yofooka imasowa, dzuwa la masana limaidya, kubiriwira kwa kapinga ndi mitengo kumaimeza, moti maluwa oyera omwe mu holo amaoneka apamwamba, panja pa chithunzi simuwaona n'komwe. Nde ngati mwasankha gadeni musaope mitundu ayi.

Koma pomwe ambiri amapunthwa ndi apa. Chithunzi chija mwasunga mu foni kuchokera pa Pinterest kapena Instagram nthawi zambiri chinajambulidwa ku Ulaya kapena ku America, ndi maluwa ngati peony ndi ranunculus omwe amafuna kozizira, pomwe inu ukwati wanu uli mu October, kutentha kukudutsa madigiri 30, kunyanja kufika 35 olo kuposa. Yambani mwadzifunsa kuti mwezi wa ukwati wanu kuno kwathu kumakhala maluwa anji ndipo ndi ati angapirire dzuwa limenelo, chithunzicho chibwere pambuyo.

Zoyenera kuyeza musanalipire kalikonse

Choyamba ndi mtengo, koma mtengo weniweni osati wa duwa lokha. Pali thiransipoti, zidebe zosungiramo, waya, oasis (siponji yomwa madzi yozikapo mapesi a maluwa), mabotolo kapena mavazi, anthu omanga arch, komanso dipoziti yomwe mwina simudzaionanso. Ndipo mitundu yowala imakongola ikachuluka, timaluwa titatu tofiira pa tebulo lalikulu panja timangooneka tosokera. Tawerengani nokha: matebulo 20, tebulo lililonse mapesi 15, amenewo ndi mapesi 300 musanafike pa arch, pa tebulo la akwati, pa bouquet ya mkwatibwi ndi za operekeza. Chiwerengero chimenechi muchidziwe musanapite kukafunsa mitengo, apo ayi mudzapatsidwa mtengo wooneka wabwino koma wa maluwa osakwana.

Chachiwiri kupezeka, apa nkhani ndi mwezi basi. May mpaka August kumazizira ndipo maluwa amakhalitsa, koma kuli mphepo ya mwera komanso chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. September mpaka November ndi dzuwa, fumbi ndi akamvuluvulu, pena chizimalupsa n'kugwa mosayembekezeka. December mpaka March mvula, zonse zobiriwira bwino koma tenti ndiyosapeweka.

Chachitatu kasamalidwe, kapena tinene mosabisa, ndani adzadzuke m'mamawa kukagwira ntchitoyo? Maukwati athu m'mawa ndi kutchalitchi, kenako zithunzi, madyerero kuyamba cha m'ma 1 kapena 2 koloko, perekaniperekani mpaka 5, pomwe a deko amakhala atamanga kale zinthu m'mawa kapena usiku wa dzulo lake, kutanthauza kuti maluwawo akhala panja maola 6 mpaka 8 ndipo alendo akufika nthawi yomwe dzuwa laliwomba kale.

Chachinayi zoopsa zake: kufota, mphepo, njuchi, utomoni, ana oyendayenda.

Chinanso musanasankhe njira iliyonse, pitani ku gadeniko nthawi yomweyo ya madyerero, 2 koloko masana, mukaone pomwe pali mthunzi ndi zomwe zidzakhale zikuchita maluwa mwezi umenewo. Ngati pali jacaranda ndipo ukwati ndi wa September kapena October, mtundu wa pepo mwaupeza kale ulele pamwamba ndi pansi pomwe, olenji ndi chikasu zimakhala bwino zedi pamenepo. Tengani ndi kachidutswa ka chitenje cha ukwati. Mitundu itatu yolimba ndi yokwanira, ndipo muziika m'magulumagulu, zofiira apa zambiri, olenji apo ambiri, osati limodzilimodzi kusakaniza paliponse.

1. Maluwa enieni ogula kwa ogulitsa maluwa

Apa tikunena marozi, gerbera, carnation, chrysanthemum, alstroemeria, lily ndi ena otero.

Mtengo. Iyi ndiye njira yodula kuposa zonse, palibe kukambirana. Ambiri mwa maluwa amenewa amachokera kunja, Kenya kumene kuli minda ikuluikulu ya marozi cha ku nyanja ya Naivasha, kapena South Africa, nde mtengo wake umatsatira dola. Mukukumbukira mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chinalumpha, ndipo komiti yomwe inapanga bajeti miyezi 6 m'mbuyo inayenera kukhalanso pansi. Choncho funsani kuti mtengo womwe akupatsaniwo ndi wokhazikika mpaka liti, ndipo zilembedwe. Ukwati woyandikira 14 February marozi ofiira amakwera dziko lonse lapansi, sankhani mtundu wina.

Kupezeka. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre mupeza, bola kuoda masabata angapo nthawi isanakwane makamaka ngati mukufuna mtundu winawake wa olenji kapena pinki. Kumaboma ena muyenera kukatenga nokha ku tauni. Ubwino wake ndi woti sayendera nyengo, June kaya December rozi ndi yemweyo.

Kasamalidwe. Afike tsiku limodzi kapena awiri ukwati usanachitike, mudule mapesi mopendekeka ndi mpeni wakuthwa, muchotse masamba onse omwe angamire, muike m'zidebe zotsuka bwino, m'madzi muthiremo kashuga pang'ono ndi madontho ochepa a Jik, kenako chipinda chozizira chamdima. Musaike pafupi ndi nthochi, mango kapena tomato wakupsa, zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya womwe umakalambitsa maluwa msanga, ndipo sitolo ya zakudya za ukwati ndi kumene anthu amakonda kuponya zidebezi. Oasis muzimusiya amire yekha m'madzi, mukamukankhira pansi mkati mumatsala mouma.

Zoopsa. Ndege ikachedwa kapena oda ikabwera ya mtundu wina, nthawi yokonza palibe. Ngati mwawasunga mu firiji, magetsi akazima usiku zathera pomwepo. Pa dzuwa, gerbera amaweramitsa mutu, marozi amatseguka mopitirira n'kuyamba kuyoyoka, hydrangea ndiye musayerekeze n'komwe mu October. Olimba ndi chrysanthemum, carnation ndi alstroemeria, anthu amawaderera koma ndi amene amafika 5 koloko ali chilili. Lily ali ndi ufa wachikasu uja womwe ukagwera pa diresi loyera suchoka, muchotseretu timitu ta ufawo duwa likangotseguka.

2. Othyola m'mayadi, m'mipanda ndi m'minda

Iyi ndi njira yomwe ndimaikonda kwambiri ndipo zimandiwawa kuona ikunyozeka, chifukwa mitundu yomwe anthu akunja amalipira ndalama zambiri kuti aipeze ife ili pa mpanda wa aneba. Bougainvillea wa pinki, wofiira, wa olenji, wa pepo. Golden shower uja wa olenji amene amakuta mipanda nthawi yozizira. Poinsettia wofiira kuyambira cha mu May mpaka July. Flamboyant wofiira kumapeto kwa October kulowa December. Frangipani, hibiscus, canna, strelitzia, heliconia. Deliya wachikasu yemwe amadzaza m'mbali mwa misewu mvula ikamatha cha mu April ndi May. Ndipo masamba a eucalyptus omwe mumawaona pa zithunzi za maukwati akunja aja ndi bulugama yemweyu, onjezani masamba a kanjedza, a nthochi, ngala za mapira, olo bonongwe wofiira uja wa ngala zolendewera.

Mtengo. Wotsika kwambiri pa maluwa, koma si ulele ayi. Pakufunika galimoto, mafuta, zidebe zambiri, magolovesi, waya wa khola la nkhuku womangira pa arch, chakudya cha anyamata ndi atsikana okathyola, komanso kangachepe kothokoza eni yadi. Ngati a deko ndi amene amange, auzeni poyambirira, ena amakana maluwa obwera ndi kasitomala, ena amalipiritsa ntchito ya manja payokha ndipo n'zomveka.

Kupezeka. Zonse zili pa mwezi. Bougainvillea amachita bwino nthawi yopanda mvula, mvula ikakhazikika amachulutsa masamba maluwa n'kuchepa, nde wa ukwati wa August, September, October wapata, wa February asadalire. Pemphani msanga, kwa azakhali, kwa a mpingo, kwa aneba, ndipo chofunika kwambiri muwauze kuti wa m'gadeni asadulire mpandawo mwezi umenewo, chifukwa zimachitika ndithu kuti sabata ya ukwati mukupeza mpanda wametedwa bwinobwino. Osathyola m'misewu ya mu tauni, pa maofesi kapena m'nkhalango zotetezedwa, ma protea ndi ma orchid a ku Nyika, ku Zomba ndi ku Mulanje asiyeni komweko.

Kasamalidwe. Apa ndiye pali ntchito. Kuthyola ndi m'mamawa dzuwa lisanatuluke, chidebe cha madzi chili pambali, osati kuunjika mu pikapu n'kumazungulira nazo tauni. Bougainvillea akadulidwa amafota msanga, chomwe chimathandiza ndi kupulula masamba obiriwira onse, kumiza nthambi yonse m'bafa la madzi kwa ola limodzi kapena awiri, n'kumanga m'mawa wa tsiku lomwelo tsinde lili m'madzi, kaya ndi timabotolo tobisika kuseri kwa arch. Hibiscus ndi wa tsiku limodzi, kaya mwamuika m'madzi kaya ayi, nde thyolani m'mawa atatseguka kale n'kungoyala pa tebulo. Frangipani muyandamitse m'mbale ya madzi, amakongola ndipo amanunkhira. Strelitzia ndi heliconia ndi amene ali olimba zedi, amatha sabata yathunthu kapena kuposa, koma asalowe mu firiji, kuzizira kumawadetsa. Deliya, canna ndi golden shower akadulidwa salimba, yesani kaye kunyumba sabata imodzi ukwati usanafike, dulani m'mawa, ikani panja pa dzuwa, muone kuti 3 koloko akuoneka bwanji. Kuyesaku muchite ndi mtundu uliwonse womwe mukufuna kugwiritsa ntchito.

Zoopsa. Minga ya bougainvillea imang'amba velo ndi manja omwe, pa arch pomwe akwati adutse muidule. Frangipani ndi poinsettia ali ndi utomoni woyera woyabwa pa khungu ndi m'maso. Oleander, uja wa maluwa a pinki ndi masamba ataliatali, ndi poizoni mtengo wonse, asafike pa tebulo la chakudya kapena pafupi ndi keke olo akongole bwanji. Nyerere ndi mbozi zimabwera nawo limodzi, kutumulani ndi kutsuka. Opita kutchire kukatenga udzu ndi masamba asamale chitedze. Ndipo choopsa chachikulu ndi anthu, amene analonjeza kudzathyola aja akapanda kubwera palibe amene mungamugwire chifukwa palibe amene munamulipira.

3. Maluwa a m'miphika ochokera ku nazale

Ma nazale a m'mbali mwa misewu ku Lilongwe ndi ku Blantyre ali ndi zambiri: marigold, petunia, geranium, salvia wofiira, bougainvillea wa mumphika, komanso croton ndi coleus omwe masamba ake okha ali ofiira, achikasu ndi olenji.

Mtengo. Wapakatikati. Mbewu ya mu chubu siidula kwenikweni, chomwe chimadula ndi mphika, nde ambiri amasiya m'machubu momwemo n'kukuta ndi chitenje, chiguduli kapena kulowetsa m'timadengu ndi m'miphika yadothi, ndipo zimaoneka bwino kuposa mphika wa pulasitiki. Ena a nazale amabwereketsa mbewu zikuluzikulu kwa tsiku limodzi, funsani, koma mumvane kaye za zomwe zingathyoke. Mukagula, ukwati ukatha ndi zanu, zokadzala kunyumba yatsopano kapena kupatsa ankhoswe ndi a komiti.

Kupezeka. Chaka chonse pali china chake, koma kupeza mbewu 60 za mtundu umodzi zonse zili ndi maluwa tsiku limodzi si zapafupi. Lankhulani ndi wa nazale miyezi iwiri kapena itatu m'mbuyo, mulipireko pang'ono kuti akusungireni kapena akufesereni. Petunia amachita bwino nthawi yozizira, mvula imamuwononga. Croton sasamala za mwezi.

Kasamalidwe. Kosavuta kuposa njira zonse za maluwa amoyo, chifukwa ali ndi mizu. Thirirani bwino madzulo a dzulo lake osati m'mawa, kuti madzi amatope asadontheze pa nsalu, chotsani maluwa ouma, pukutani masamba fumbi. Zitengeni masiku atatu kapena anayi ukwati usanafike kuti zitsitsimuke ku ulendo.

Zoopsa. N'zolemera ndipo zimadya malo m'galimoto, pikapu imodzi mwina ibwereze maulendo. Mphepo ya pamsewu imawononga maluwa ngati simunafunditse. Bougainvillea wa mumphika amatha kuyoyola maluwa akasunthidwa kapena akathiriridwa mopitirira. Alendo ena amanyamula popita kwawo poganiza kuti ndi mphatso, ngati n'zobwereka a MC alengeze. Komanso dziwani kuti miphika imakongoletsa pansi, njira yodutsa akwati, masitepe, kutsogolo kwa tebulo la akwati, m'makona a tenti, koma singakupangireni bouquet kapena pamwamba pa arch.

4. Kudzala nokha

Kwa amene muli ndi malo, madzi ndi nthawi, kaya kuseri kwa nyumba kaya ku dimba la amayi kumudzi.

Mtengo. Timapaketi ta mbewu, manyowa, madzi, ndi munthu wothirira. Pa chiwerengero cha maluwa omwe mungapeze palibe njira ina yotchipa chonchi, mabedi ochepa a zinnia amadzaza zidebe. Koma ngati madzi ndi a pa mpopi wa mita ndipo mukudzala mu August ndi September, bilu ya madzi iwerengereni.

Kupezeka. Mbewu za zinnia, marigold, cosmos ndi mpendadzuwa zimapezeka m'mashopu a zaulimi ndi m'masupamaketi akuluakulu, onani deti pa paketi chifukwa mbewu yakale simera bwino. Nthawi yake, marigold amatenga masabata 7 mpaka 9 kuchokera pofesa kuti achite maluwa, zinnia 8 mpaka 10, mpendadzuwa 10 mpaka 12 malinga ndi mtundu, celosia pafupifupi miyezi itatu. Nthawi yozizira onjezeraniponso masabata awiri kapena atatu chifukwa zimakula pang'onopang'ono. Paketi yolembedwa kuti mitundu yosakaniza idzakupatsani chilichonse, ngati mukufuna zofiira zokhazokha funani paketi ya mtundu umodzi.

Kasamalidwe. Musafese tsiku limodzi zonse, fesani katatu motalikitsa ndi sabata imodzi kapena masiku 10, makamaka mpendadzuwa amene amachita duwa kamodzi basi n'kutha, kuti olo gulu lina lifulumire kapena lichedwe lina ligwere pa tsiku lanu. Zinnia ndi cosmos mukamawadula ndi pomwe amachulukira, nde musawasunge osawakhudza kudikira ukwati, muzidula. Thirirani pansi osati pamasamba, zinnia amagwidwa nkhungu yoyera ija masamba akamanyowa. Podula gwedezani phesi la zinnia, mutu ukamagwedera ndiye kuti silinakhwime ndipo lidzawerama mu vazi, likhale lolimba kaye. Dulani madzulo a dzulo lake kapena m'mamawa, molunjika m'chidebe.

Zoopsa. Mbuzi, nkhuku, chiswe, nsabwe za m'masamba, mvula yamatalala, mpopi kuuma sabata yathunthu. Ndiponso mkwatibwi mwezi womaliza amakhala pa mpanipani, misonkhano ya komiti, telala, chilangizo, makadi, nde ngati palibe munthu wina amene munda umenewu ndi udindo wake, udzafa. Mpendadzuwa ndi cosmos amaitana njuchi, asakhale pafupi ndi keke ndi zakumwa zotsekemera. Marigold fungo lake ena sagwirizana nalo, muike m'njira ndi pa geti osati pamphuno pa anthu akudya. Ubwino wake ndi woti zinnia, marigold ndi celosia ndi maluwa okonda kutentha, dzuwa lomwe limapha rozi iwo amalipirira bwino bola ali m'madzi.

5. A pulasitiki ndi a nsalu

Amenewa ndi omwe a deko ambiri amabwera nawo mukapanda kunena kanthu, ndipo sindikuona chifukwa chowanyozera, ali ndi malo ake.

Mtengo. Kubwereka kwa a deko nthawi zambiri kumakhala mkati mwa mtengo wa deko yonse, nde kumaoneka kotchipa, koma mukafuna mtundu womwe alibe adzakuuzani kuti muonjezere kuti akagule. Kugula nokha m'mashopu a ku Limbe kapena ku Lilongwe, otchipa aja amawala ngati pepala la switi ndipo pa dzuwa amaonekeratu, abwino a nsalu okhudzika ngati enieni mtengo wake umayandikira wa enieni. Kusiyana kwake ndi koti mutha kuwagulitsanso kapena kugwiritsanso ntchito pa chinkhoswe ndi pa bridal shower.

Kupezeka. Chaka chonse, boma lililonse. Koma zoyera, pinki wofooka ndi golide ndi zomwe zadzaza kwa a deko ambiri, olenji weniweni, chikasu cholimba ndi zofiira zokwanira arch yonse si onse ali nazo. Musakhutire ndi chithunzi cha pa WhatsApp, pitani mukaone ndi maso katundu amene adzabwere pa ukwati wanu, mumutulutse panja pa dzuwa, muyerekeze ndi chitenje chanu. Miyezi yomwe maukwati amachuluka katundu yemweyo amatha kulonjezedwa kuwiri Loweruka limodzi.

Kasamalidwe. Palibe madzi, palibe firiji, amangidwa dzulo lake anthu n'kukagona. Chofunika ndi kuchapa fumbi ndi madzi a sopo, kuyanika pa mthunzi, ndi kuwongola opindika.

Zoopsa. Amasuluka ndi dzuwa, makamaka ofiira ndi a pepo, nde omwe azungulira maukwati ambiri amafika atatuwa ndipo panja palibe magetsi amitundumitundu oti abise. Ndi opepuka, kamvuluvulu mmodzi wa mu October atha kugwetsa arch yonse, onetsetsani kuti yakhomeredwa pansi kapena yatsamiritsidwa ndi matumba a mchenga. Asayandikire makandulo. Otayika ndi othyoka amachotsera pa dipoziti yanu, nde muwerengere limodzi pobwera ndi pobwerera. Ndipo m'gadeni momwe muli maluwa enieni pambali, a pulasitiki otchipa amaonekera kwambiri kuposa mu holo, chomwe chimathandiza ndi kuwasakaniza ndi masamba enieni a bulugama kapena kanjedza ndi kuwaika m'mwamba, kutali ndi manja ndi maso.

Nde musankhe iti?

Ukwati wa September mpaka November ku tauni, bajeti yapakatikati: arch ya bougainvillea womangidwa m'mawa womwewo kapena ya a nsalu osakaniza ndi masamba enieni, njira ya akwati miphika ya marigold ndi croton, ndalama ya maluwa ogula ipite pa bouquet ya mkwatibwi, pa jekete ya mkwati ndi pa tebulo la akwati basi, pomwe kamera imayandikira. Bouquet ikhale m'madzi pa mthunzi nthawi iliyonse yomwe siili m'manja.

Kunyanja, Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, nthawi yotentha: marozi a pa matebulo iwalani, ulendo wokha wochokera ku tauni udzawatopetsa. Strelitzia, heliconia, frangipani wa m'mbale za madzi, masamba a kanjedza, miphika, ndi a nsalu m'mwamba omangidwa zolimba chifukwa cha mphepo ya panyanja.

May mpaka August: iyi ndi nyengo yomwe maluwa ogula amakubwezerani ndalama yanu chifukwa amakhala tsiku lonse osafota, nde ngati mumalakalaka marozi ndi gerbera pa tebulo lililonse ndipo thumba likulola, ndi pano. Poinsettia ndi golden shower aliponso, mukapeza gadeni yomwe ili nawo kale ikani tebulo la akwati kutsogolo kwake. Mavazi akhale aafupi ndi olemera chifukwa cha mwera.

December mpaka March: zonse zikhale zoti zitha kulowa mu tenti mwachangu, miphika ndi a nsalu ndi zomwe zimanyamulika osawonongeka. Ubwino wake zinnia ndi marigold ofesedwa ndi mvula yoyamba amakhala atachita maluwa pofika February popanda kuthirira kwambiri, bola muyang'anire nkhungu.

Bajeti yochepa koma abale ambiri ndi miyezi inayi m'manja: dzalani nokha ndi kuthyola m'mayadi, koma sankhani munthu mmodzi wodalirika, osati mkwatibwi, osati mayi a mkwatibwi, amene maluwa ndi ntchito yake yokhayo mu komiti, ndipo mumupatse galimoto ya m'mawa wa tsikulo.

Akwati omwe muli ku Johannesburg, ku UK kapena kwina ndipo mukufika sabata imodzi ukwati usanachitike: njira ya kuthyola ndi kudzala si yanu pokhapokha pali mchemwali kapena azakhali amene adzipereka ndi mtima wonse. Lipirani a deko odziwa ntchito, mutume wachibale akaone katundu ndi maso n'kukujambulirani kanema ali panja masana, ndipo bouquet yeniyeni muodere padera.

Ukwati wakumudzi kapena ku boma lakutali ndi tauni: miphika ndi zodzala nokha, kuonjezera masamba a nthochi, ngala za mapira ndi chitenje chowala pa matebulo. Ngati mkwatibwi akufunitsitsa marozi a m'manja, abwere ndi galimoto yomaliza kuchokera ku tauni dzulo lake, ali m'chidebe cha madzi pang'ono mkati mwa galimoto osati kumbuyo kwa pikapu, akafika adulidwenso mapesi n'kugona m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo.